Bondo la Mayi Halina

Tsiku la sewero la ku tchalitchi ku Govan, kutsidya kwa nyanja, Mayi Dorica anapeza mwana wawo Towera ali kuseri kwa katani, akukana kutuluka chifukwa cha mantha, chonsecho iyeyo ndiye anali woyamba kulankhula. Pambali pake panali Mayi Halina, oyandikana nawo nyumba, obadwira ku Poland, amene anakalambira ku Amereka akuchita zisudzo ndi mafilimu.

Agogowo anamutembenuza mtsikanayo n'kumugunda ndi bondo kumbuyoku.

"Kwathu azisudzo timapatsana mwayi chonchi," anatero.

"Towera, thokoza akuluakulu!" analamula Mayi Dorica.

"Ayi, asayerekeze! Akathokoza, mwayiwo uthawa."

Mayi Dorica anagwira pakamwa. Zaka zonsezi akhala akumuphunzitsa mwanayu kunena zikomo, lero womuletsa akhale munthu wa imvi? Towera anayang'ana amayi ake, nayang'ananso agogowo, kenaka anaphulika nako kuseka. Anatulukira pamaso pa anthu mantha atayiwalika, ndipo mawu ake anamveka mpaka kumpando wotsiriza.

Anthu akuomba m'manja, Mayi Dorica ananong'oneza kuti, "Agogo, nanga tsopano tingathokoze?"

"Thokozani mpaka mutope, mwanangu. Koma chaka chamawa bondo lidzakhale lanu, langali latha ntchito."