Nambala ya ku Joni

Galimoto ya mlongo wanga Goodman inafika kwathu kwa Nkhulambe kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ikwane. Inali yofiira ngati tomato wa kudimba, ndipo nambala yake inali ya ku Joni. Goodman ndi wamng'ono kwa ine, ndinamubereka kumsana ndine, koma tsiku limenelo anatsika ngati bwana woyendera sukulu. Asanamwe ndi madzi omwe, anatulutsa mapepala m'kabokosi ka kutsogolo n'kuwayala pamkeka pamaso pa amayi.

"Mukuona apa, amayi? Dzina langa lenileni ili. Anzanga ku Joni magalimoto awo ali m'maina a eni dziko, chifukwa mlendo akafuna kulembetsa amamufunsa pasipoti, chilolezo cha ntchito, kalata ya mwini nyumba, ndi zina mbwee. Ine ndayenda miyezi isanu ndi iwiri, kuima pamzere ngati wopempha. Koma ndi iyi. M'dziko lonse lija, ili ndi pepala lokhalo limene limanena kuti ndili ndi kanthu."

Amayi sankadziwa kuwerenga, koma analandira pepalalo ndi manja awiri. Ine ndinakondwa nawo, ndisaname. Mwana amene anapita ndi kachikwama kong'ambika wabwera ndi matayala anayi, ndani sangalulutire?

Chaka chatsopano chitangolowa, mvula inaononga msewu ndipo Goodman anabwerera pa basi. Galimoto anaisiya pansi pa mtengo wa mango, itafunda lona, ndipo anatisiyira malamulo oposa a Mose. Inshuwalansi yake, anatero, analipira ku Joni, ndipo imadziwa dalaivala mmodzi yekha, iyeyo. Kunja kwa dzikolo imateteza miyezi itatu basi, ndiye adzabwera m'Malichi kudzaitenga nthawi isanathe. Pakadali pano munthu asaiyendetse, asaikankhe, asaitsamire. Kiyi anapatsa amayi, ndipo iwo anaimanga pachingwe n'kuivala m'khosi.

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panali mlendo wosadya koma wofuna ulemu. Amayi ankasesa mozungulira galimoto asanasese pakhomo pa nyumba yawo. Nkhuku ikangokwera palona, mwala. M'Febuluwale miyendo yawo inatupa mpaka kulephera kuponda pansi. A Ephraim, mkulu wa mpingo wathu amene amakhoma zidebe koma kale ankayendetsa lole ku minda ya tiyi, anati awatengere kuchipatala pa galimotoyo. Ndinaimbira Goodman.

"Achemwali, mukufuna kundipha? Akaigunda ameneyo, a inshuwalansi sapereka ngakhale tambala. Akaimitsidwa ndi apolisi, ailanda. Ndikutumizirani ya kabaza."

Amayi anapita kuchipatala pa njinga, atakhala pakaliyala, miyendo ikulendewera, galimoto ili phee pansi pa mango. Ndinatukwana njira yonse. Iwo anangoti, "Usamunene mwana, Mervis. Wavutikira chinthu chake."

Mvula ya m'Malichi inagwa masiku anayi osapumira. Lamlungu masana Goodman anaimba, atamva pa wailesi kuti kwathu zinthu sizili bwino. Foni inali m'manja mwanga, ndipo mawu ake ndinawamva ndi makutu angawa, palibe wondiuza.

"Amayi, zikavuta mukamathawa, mapepala aja ali m'kabokosi musawasiye. Akanyowa aja ndiye kuti ndatha."

Lolemba m'mawa phiri linabangula. Amene anamvapo napolo safuna kufotokozeredwa, ndipo amene sanamve sangamvetse. Tinathamanga tonse kulowera kusukulu, kumene kuli kokwera. Ndinali nditawagwira dzanja amayi. Titadutsa munda wa chinangwa anandipulumuka.

"Mapepala a mwana!"

"Amayi, asiyeni!"

"Tsogola, ndikupeza."

Ndi miyendo yotupa ija, sindinawaonepo akuthamanga chonchija. Ndinati ndiwatsatire, a Ephraim anandikoka mpaka bulauzi kung'ambika. Nditatembenukanso, pamene panali mudzi wathu panali matope akuyenda, ndi miyala yaikulu kuposa nkhokwe.

Chimene ndinkafuna kuyambira tsiku limenelo chinali chimodzi: ndiwapeze amayi, ndiwaike m'manda ngati munthu. Munda unapita, nyumba inapita, nandolo yense anapita, zimenezo sindinaziwerenge. Koma kuti mayi wondibala agone pansi pa mchenga popanda wodziwa pamene ali, anthu n'kumadzapondapo popita kumsika, zimenezo mtima wanga unakana.

Mafoni anayambanso kugwira patatha masiku atatu. Goodman analira, ndipo ndinamumvera chisoni mpaka pamene anamina n'kunena kuti, "Nanga galimoto, yaoneka?"

Ndinadula foni. Anaimbanso.

"Achemwali, mundimvetse. Miyezi itatu ija inali isanathe, kunatsala sabata imodzi. Ndiye a inshuwalansi alipira, koma akufuna chithunzi cha nambala, umboni woti galimotoyo ndi yomweyo. Andipatsa mwezi umodzi. Ndatumiza ndalama kwa a Ephraim kuti apeze amuna asanu ndi atatu okumba."

"Okumba chiyani?"

"Galimoto ndi yaikulu, sivuta kupeza. Ndipo amayi analowera komweko."

"Anawatuma ndani komweko?"

Ndinamufunsa tsiku limene akubwera. Anati pakadali pano sangachoke, a inshuwalansi akumuitana kuofesi kawirikawiri, ndipo akasowa fayilo yake itsekedwa. Fayilo! Amayi ako ali pansi pa miyala, iwe ukulondera fayilo.

Mayi wina anatola chitenje chonga cha amayi kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, ndipo ine ndinkafuna tikumbe kumeneko. Amuna aja anakana. Analipidwa kuti afune galimoto, ndipo anali ndi ana anjala kusukulu kumene tinathawira kuja, sindingawade. Iwo ankayenda pamchenga akubaya pansi ndi zitsulo zazitali, kumvetsera ngati pagunda lata. Ine ndinkakumba ndekha kumtsinje ndi khasu lobwereka mpaka m'manja munatuluka matuza. Madzulo a Ephraim ankabwera kudzandinyengerera.

"Mwana wanga, usamusungire chakukhosi mlongo wako. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupalo libwere lidzagwire khasu," ndinawayankha.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lili paliwombo, chitsulo china chinagunda. Galimoto inali kutali ndi pamene panali mango, kumunsi kwa munda wa eni ake, itagona chagada pansi pa mchenga wofika m'khosi mwa munthu. Anakumba mpaka chitseko chinaoneka. Kenako phokoso la mafosholo linaleka, ndipo ndinaona a Ephraim akubwera kumtsinje chipewa chili m'manja.

Amayi anali m'katimo. Zikuoneka kuti madzi atawapeza, analowa n'kudzitsekera. Chingwe cha kiyi chinali m'khosi. Mapepala anawakulunga m'jumbo ya shuga, kumanga mfundo ziwiri, n'kuwabisa pachifuwa m'kati mwa diresi. A Ephraim atamasula jumboyo, mapepala anali ouma, opanda ndi dontho lomwe.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti Goodman analondola. Ine ndi khasu langa ndikanakumba kumtsinje mpaka chaka kutha. Amayi anapezeka chifukwa cha ndalama zofunira galimoto. Ndinafuna wina woti ndimumenye, koma panalibe.

Thupi la masiku asanu ndi anayi silidikira basi ya ku Joni. Tinawaika tsiku lomwelo, atakulungidwa m'mphasa ndi m'bulangete la chithandizo. Manda atsopano anali ambiri, mitumbira yofanana m'mizere, ndipo mvula inali ikugwabe. Ndinaopa kuti pakatha mwezi sindidzadziwa pamene pali amayi. Mwa masiku onse a Ephraim ndiwo amalemba maina a omwalira pazidutswa za malata, koma shedi yawo inapita ndi madzi, ndipo lata lililonse lotoledwa anthu ankafolera zisakasa.

M'mawa mwake ndinabwerera kudzenje kuja ndi mpeni. Nambala ya kutsogolo inali itapita ndi miyala. Ya kumbuyo inalipo, yopindika pang'ono, chitsulo chabwino chosachita dzimbiri. Ndinamasula zomangira zake ndi nsonga ya mpeni n'kupita nayo kwa a Ephraim.

"Lembani kuseri kwakeku. Eliness Namakhwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mlongo wako akudziwa?"

"Amayi anafera chinthu chimenechi. Chiwagwirireko ntchito kamodzi."

Anaiwongola ndi nyundo, analemba ndi penti yotsala ya kutchalitchi, n'kuikhomera pamtengo wa mlombwa. Tinakaizika kumutu kwa mtumbira, dzina kuyang'ana kumanda, nambala kuyang'ana kuthengo. Usiku wotsatira mvula inagwanso ndipo mchenga unakwiriranso galimoto.

Goodman ankaimba tsiku ndi tsiku. A Ephraim anamuuza kuti nambala ili ndi ine, osanena zambiri. Poyamba anandipempha, kenako anandilonjeza nyumba ya malata, kenako anayamba kukalipa kuti ndikumuchitira nsanje kuyambira kale. Ine yankho langa linali limodzi: "Ukaifuna, bwera."

Maliro a amayi ake sanamukweze basi. Nambala inamukweza. Anafika kutatsala masiku awiri kuti mwezi wake uthe, atavala jekete lachikopa, maso ali psuu. Anandipeza pakhomo pa tenti ndikusenda chinangwa. Anayang'ana kumene kunali mudzi, ndipo ndinaona kuti waonda. Mtima unafuna kufewa, ndinaukaniza.

"Achemwali, pepani."

"Wapepesa. Ukufuna chiyani?"

"Musatero. Nanenso ndi mayi anga. Mukuganiza kuti ndimagona? Koma tikaitaya ndalama imeneyi, ndiye kuti amayi apita pachabe. Ndikufuna ndikumangireni nyumba."

"Ndiye kuti ukalandira, apita pa mtengo wabwino?"

Ndinalowa m'tenti, ndinatenga jumbo ya shuga ija n'kumuponyera pamiyendo. Anaizindikira mfundo ya amayi, ija ankamangira ndalama pachitenje. Anaigwira osaimasula.

"Nanga nambala?" anafunsa motsitsa mawu.

"Tiye."

A Ephraim anakapempha chilolezo kwa eni manda ndipo anatitsogolera. Goodman ankaganiza kuti ndikufuna ayambe waona mtumbira, ndiye anayenda mwaulemu, manja kumbuyo. Tinadutsa mitumbira ya anthu amene anakula nawo. Titafika, anawerenga dzina la amayi, anaona mabowo awiri a zomangira m'mbali mwa chitsulocho, ndipo nkhope yake inasintha.

"Nambala yako ndi imeneyo," ndinatero. "Ili kuseri. Kuizula ayi. Ukafuna chithunzi, zungulira."

Ndinkayembekeza chiyani, sindidziwa. Mwina ndinkafuna aponye foniyo kuthengo, agwe pamtumbira, aitane amayi ake. Akanatero, ndikanamudzutsa ndine, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Anaima nthawi yaitali, misozi ikutsikira pajekete. A Ephraim anayang'ana kumbali.

Kenako anazungulira. Chitsulocho tinachizika chachifupi, ndipo mvula inali itachithira matope. Anagwada, anapukuta nambala ndi mkono wa jekete, n'kutulutsa foni. Anajambula katatu kuti zilembo zioneke bwino.

Ndalama analandira, ndipo malata anatumiza. Ali kuseri kwa tchalitchi, sindinawakhudze. A Ephraim amadulako akafuna polemba dzina la womwalira. Anthu amandiuza kuti ndikhululuke, poti mwanayo anabwera, analira, anagwada pamanda a amayi ake. Ndimawavomera kuti anagwadadi. Ndinalipo, ndipo ndinaona mbali imene anagwadira.