Singano Pachifuwa cha Chidole

Mkangano wa Martina ndi Olipa unayambira pa waya woyanikapo zovala. Nyumba zawo m'komboni ya anthu a njanji ku Kafue zinali zogundana, waya unali umodzi, ndipo matewera a Prudence, khanda la Martina, ankaudzaza m'mawa uliwonse. Kulalatirana sakanayerekeza. M'zaka za Chitaganya zija, banja lolongolola linkangolandidwa nyumba, ndipo kapitawo wa komboni anali atawachenjeza kale kamodzi. Nedson, mwamuna wa Martina, anaidikira nyumbayo zaka ziwiri, mkazi wake akupirira kwa apongozi ku Shimabala.

Choncho nkhondo yawo inkamenyedwa mwakachetechete. Tsiku lina Olipa anadula chubu chakutha cha njinga, n'kuchithimbiriza mawanga a laimu, n'kuchipinda bwinobwino m'beseni la matewera. Martina atavundukula anakuwa, nalumpha mpaka mwana kutsala pang'ono kupulumuka kumsana.

"Ni mphira chabe, amake Prudence!" anatero Olipa kuseri kwa mpanda, atagwira mimba yake ya miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha phwete. "Kusukulu kwanu kuja sanakuphunzitseni njoka?"

Kusukulu anamuphunzitsa kusoka zidole. Martina anatenga thumba la ufa, nalidzaza utuchi. Anasoka pakamwa pofiira pofika m'makutu, pali gweru ngati la Olipa, ndipo duku analidula pa kansalu ka Olipa komwe kanang'ambikira pa mpanda. Akumaliza khosi, Prudence analira. Martina anabaya singano pachifuwa cha chidolecho kuti isatayike, monga amachitira wosoka aliyense, napita kukayamwitsa. Ali mkati moyamwitsa anamva mawu a Olipa akuchokera kumsika. Anathamanga, napachika chidolecho pa waya, nabwerera kukasuzumira pazenera.

Olipa sanaseke, sanatukwane. Anaika dengu pansi, naitana amayi amene anali pampopi. Chidolecho anachitsitsa ndi ndodo, osachikhudza.

"Onani. Nsalu yanga. Mano anga. Singano pamtima."

Martina anatuluka. "N'choseweretsa chabe, amake Davies. Singanoyo ndangoiwala."

"Kuiwala? Osaiwala pamwendo bwanji? Pamtima penipeni, ine nili na pakati? Mfiti iwe! Manje lomba niyenda kwa ba kapitawo, uone ngati uzagona m'nyumba iyi Sabata."

Ananyamuka, chidole chili lende kunsonga ya ndodo, amayi aja akumutsatira. Martina anaona m'maganizo mwake mphasa ndi mapoto zitaunjikidwa panja, Nedson akuweruka n'kupeza loko pachitseko. 

"Pitani, mayi," anatero Martina. "Koma lamulo la boma limamanga munthu wotchula mnzake mfiti. Ndinaliwerenga ndekha. Kapitawo akaipereka nkhaniyi kwa mzungu wa muofesi, mzunguyo akaona kachidole ka utuchi akaseka. Mawu mwanenawa sakawaseka. Mwanditchula pamaso pa anthu asanu."

Amayi aja anayang'anana. Mmodzi anakumbukira kuti wasiya ndowa ikusefukira. Wina anangoti iye sanamve kanthu, makutu ake ngovuta.

Olipa anaima pakati pa njira nthawi yaitali, akupumira m'mwamba. Kenaka anabwerera, naponya chidolecho pamapazi pa Martina.

"Zula wekha."

Martina anawerama, nazula singanoyo. 

"Nkhala nayo nyumba yako, mayi wa Chizungu," anatero Olipa motsitsa mawu. "Koma uyu ali m'mimba akabwera na vuto olo pang'ono, sinizayenda ku ofesi. Abale anga ali kumtsinje uko, sadziwa kuwerenga malamulo."

Nedson ataweruka anapeza chitseko chotsegula, nshima ili patebulo, ndipo Martina sanamuuze kanthu. M'mawa mwake pampopi amayi anachotsa ndowa zawo kuti iye atunge woyamba, popanda womupatsa moni kapena womuseketsa Prudence. Nyumba inali ikadali yawo. Koma khoma lake linali lopyapyala, ndipo Olipa akangotsokomola kapena kubuula mbali inayo, Martina ankasiya chilichonse chimene wagwira n'kuima chilili, akuwerenga masabata amene atsala kuti mwanayo abadwe.