Nkhuku ya Adzukulu a Nthanda

"Zelipa, kalata iyi ikuti chiyani?"

A Austin anali ataima m'khitchini, pepala lili m'manja, jekete yawo yoyendetsera thiraki ili chivalire. Anangobwera kudzabwereka fosholo yochotsera sinowo, chipale chija chimagwa m'nyengo yozizira, koma achimwene ake a Zelipawa pepala la patebulo samalidutsa osaliwerenga.

Zelipa analiyang'ana pepalalo. Nkhaniyi anali ataibisa miyezi isanu ndi umodzi. Mwana wake Nthanda anabadwa ndi vuto la mtima, nakhala masiku naini okha. Asanamuike m'manda, iye ndi mwamuna wake Wyson anasaina fomu kuti kamtimako katsale kwa madokotala ofufuza za matendawa. Sanauze munthu, ngakhale a Austin, mwinimbumba, amene amakhala konkuno ku Brampton, m'dziko la Canada. Ankaopa kuti ikakamveka kwawo ku Ntcheu, anthu adzati Zelipa anagulitsa ziwalo za mwana kwa azungu.

"Ndi yothokoza chabe, alamu," anatero Wyson. "Madokotalawo akuti tikafuna tikaone kumene amagwirira ntchito."

"Ndawerenga, kusukulu ndinapitako." A Austin anakhala pampando kuti khu. "Anakupatsani ndalama?"

"Olo kobiri, achimwene," Zelipa anayankha, misozi ili mbwee. "Ndinangoti mayi wina asadzatuluke m'chipatala atanyamula shawelo yokha ngati ine."

A Austin anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Nanga anthu amene anagwira thupi la mwana wathu, munawaphikira chiyani?"

"Kuwaphikira?"

"Hii! Anthu inu Canada yakulowani m'mutu eti? Wogwira maliro ndi mdzukulu, kaya wavala gauni yoyera kaya magolovesi. Miyezi yonseyi adzukulu osalawa nkhuku? Manyazi amenewa ine ndikawaika pati?"

Zelipa anangozindikira akuseka, misozi ikugwabe. Chimwalirireni mwana anali asanasekepo choncho.

Lachitatu ananyamuka kupita ku Toronto, mapoto awiri ali m'buti, wina wa mpunga, wina wa nkhuku zachikuda zomwe a Austin anakazisaka okha kufamu n'kuziphika okha. Wyson anayesa kuchenjeza kuti mulabu, mochitira kafukufukumo, salowetsa zakudya.

"Inu ndinu mkamwini," a Austin anamudula. "Yanu ndi chiwongolero."

Anawalandira ndi Dokotala Regina, mkulu wa ofufuzawo, mayi wamfupi wa imvi. Ataona mapoto anatong'ola maso, komabe anawalowetsa m'chipinda chomwera tiyi, naitana anzake anayi. A Austin anaimirira, nakonza kholingo, n'kufotokoza m'Chingerezi chawo cha pamsewu kuti kwathu adzukulu amadya choyamba, ndipo ali ndi ufulu wonyogodola anamfedwa mpaka aseke.

Dokotala Regina analuma ntchafu, nailimbana nayo, mano ali gwa.

"Ngati kunyogodola n'kololedwa," anatero, "nkhuku iyi yachita kuyenda wapansi kuchokera ku Malawi."

"Mwaona?" a Austin anawomba m'manja. "Mdzukulu weniweni ameneyu! Muwonjezereni chiwindi!"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Mbale zitayera, dokotala uja anakhala pafupi ndi Zelipa, namuuza motsitsa mawu kuti kamtima kaja kakuwaphunzitsa zambiri, koma iwo amakadziwa ndi nambala yokha. Anapempha, ngati makolo angalole, amve dzina.

"Nthanda," anatero Zelipa. "Ndi nyenyezi ya m'bandakucha. Anali ndi tsitsi lambiri ngati bambo ake."

Madokotalawo analitchula mmodzimmodzi, ena molipotoza, mpaka a Austin anachita kuwaimbitsa ngati ana a sitandade wanu.  Zelipa chinamukomera kwambiri kumva dzina la mwana wake likutchulidwa mokweza pagulu.

Akubwerera ku galimoto, mantha aja anamubwereranso.

"Achimwene, nanga kumudzi?"

"Lamlungu ndiimba foni," a Austin anatero akulonga mapoto. "Ndikawauza amayi ndi mudzi wonse kuti mwanayu ndinamupereka ndine, mwinimbumba. Amene kukamwa kukumuyabwa alankhule ndi ine."

"Koma inu simunaliko."

"Fomu munasaina ndinu, inde. Koma adzukulu ndawadyetsa ndine. Maliro amenewa tsopano ndi anga."

Zelipa anawagwira dzanja ndi manja awiri, nagwada pompo pa sinowo. A Austin anamudzutsa msanga, akukalipa kuti anyowetsa siketi.