Kamphira ka Tsitsi la Lupe

Fereti anafika ku ofesi ya misonkho ku Manukau, kutali ndi kwawo ku Samoa, atavala ngati akukakwatitsa mwana wa nduna: jekete yakuda, tayi, ndi nsalu ya m'chiuno ya Lamulungu. Anafuna kutenganso litchowa lomwe amagwira polankhulira fuko lake, koma mkazi wake Siniva analibisa kuseri kwa fuliji.

"Tikukalemba fomu, bambo a Lupe. Sitikukalonga ufumu."

Kwa zaka zitatu Siniva ankamukumbutsa za ndalama zomwe boma limabwezera mabanja olera ana, ogwira ntchito koma olandira zochepa. Kwa zaka zitatu Fereti ankayankha kuti munthu woyankhulira fuko satambasula dzanja kwa kalaliki. Anzake oyendetsa basi ankamutama nazo, iye n'kumavomera kuti kutamako n'koyenera.

Koma chomwe chinkamudya chinali china. Lupe sanali mwana wake womubala. Mlongo wake Telesia anamupatsa khandalo ku Samoa pamaso pa abale onse, nkhumba zinafa, mikeka yaulemu inaperekedwa, koma pepala silinalembedwe. Fomu ili ndi timabokosi, ndipo Fereti ankaopa kuti kabokosi kena kadzanena poyera kuti mwanayu si wake. Kakatero, ndani akudziwa amene angadzagogode pakhomo?

Kenaka Juni anabwera ndi chisanu chake. Lupe anatsokomola sabata ziwiri m'chipinda chosayatsidwa hita.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero Siniva. "Koma inafa yokha, sinatengeko mwana."

N'chifukwa chake Fereti anali pamzere, Lupe atamugwira jekete. Kumbuyo kwawo, mwatsoka, kunaima mayi Apolonia a kutchalitchi, omwe akamva nkhani m'mawa, pofika madzulo imakhala itazungulira dera lawo lonse la Māngere kawiri.

Pawindo panali mayi wachimaori, mtundu wa eni dzikolo, dzina lake Rangimarie. Fereti anakonza kukhosi.

"Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa Mwini thambo, kwa eni nthaka ino, komanso kwa..."

"Zikomo, bambo. Nambala yanu ya msonkho?"

Anaipereka.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimasenza miyoyo ya anthu mazanamazana tsiku lililonse."

"Ndi dalaivala," anatero Siniva. "Ine ndimachapa nsalu kuchipatala."

Rangimarie analemba, n'kuyang'ana Lupe. "Mwanayu ndi wanu?"

Munthu amene analankhulapo maola awiri pamaliro osamwa madzi anaweramira pawindo. Anafotokoza motsitsa mawu: za Telesia, za mikeka, za pepala lomwe kulibe. Dzanja lake linali litatsikira paphewa la Lupe, litagwira zolimba.

"Kwathunso timapatsana ana choncho," anatero Rangimarie osadzutsa mutu. "Ine ndinaleredwa ndi azakhali. Fomuyi sikufunsa wobala. Ikufunsa amene amamusamalira tsiku ndi tsiku. Kalata ya kusukulu ndi ya adokotala mudzabweretse, tidzaone. Ndiye ndilembe ndani? Amayiwa?"

"Ine ndimachoka m'bandakucha," anatero Siniva. Nkhope yake inali ya munthu wosalakwa, yosalakwa mopitirira muyeso.

"Nanga amamukonzekeretsa kusukulu ndani?"

Fereti anamva mpweya wa mayi Apolonia kukhosi kwake. Akanatha kungoti, "Lembani amayiwa," nkhani n'kuthera pomwepo. Ulemu wa litchowa ukanatsala wathunthu. Ananong'ona kenakake.

"Sindinamve, bambo."

"Ndi ababa!" anafuula Lupe. "Amandiluka tsitsi. Poyamba ankakoka, pano amatha. Amachapanso masokosi anga, koma amayanika m'bafa kuti anthu asaone."

Kumbuyo kunamveka chifuwa chosachokera m'chifuwa.

Rangimarie anayang'ana mkono wa jekete yakuda ija. Pamenepo, pafupi ndi wotchi, panali kamphira ka pinki komangira tsitsi, kokhala ndi kagulugufe. Fereti anakayang'ananso ngati kangomera pomwepo.

"Ndilembe ndani?" anabwereza mayiyo.

Fereti anawongoka. Anatulutsa mawu ake a pabwalo, aja amamveka mpaka koimika magalimoto.

"Lembani Fereti. Ndine ndimaluka, ndine ndimachapa, ndine ndimadziwa kuti sadya m'mbali mwa buledi. Ndipo mayi Apolonia, pokanena musaiwale kuti malukidwe ndimadziwa a mitundu itatu."

Rangimarie analemba dzina lake, pansi pake la Lupe, n'kutembenuza fomu. "Sainani apa, bambo a Lupe."

Anasaina pang'onopang'ono, ngakhale dzina lake ndi lalifupi.

Panja mphepo inali itamasula luko limodzi la mwanayo. Pamalo odikirira basi panali anthu ambiri, ena a kutchalitchi konko. Fereti anakwinya nsalu yake, anagwada bondo limodzi pasimenti yonyowa, naluma kamphira kaja ndi mano.

"Ima bwino, iwe," anatero. "Anthu akuona ntchito yanga."