Cranachan ya Ronald

Makolo a Twambilile ku Ekwendeni anali atadula kale mlandu pafoni: zokwatiwa ndi mzungu akaziona amalume ake, a Gomezgani a ku Small Heath, poti ndiwo anali naye pafupi kunjako. Iwo akakana, basi ukwati kulibe.

A Gomezgani anali mkulu wa mpingo, munthu woti akadutsa pafupi ndi bala ya mowa amagwira mphuno. Askotishi okha ndiwo ankawapatsa ulemu, poti ndi amene anabweretsa Uthenga kwathu n'kutiletsa mowa. Ndiye atamva kuti mzungu uja, Ronald, namwino mnzake wa Twambilile kuchipatala cha Walsgrave, kwawo ndi ku Scotland, anavala jekete la pa Mgonero n'kukwera sitima ya ku Coventry, kumene Twambilile ankakhala.

Cholakwa chinali cha Twambilile yemwe. Anauza Ronald kuti mkamwini sabwera chimanjamanja, abweretse chakwawo. Mnyamata wa anthu anabweradi ndi magalasi a cranachan, chakudya chotsekemera cha kwawo, mmene ankakonzera agogo ake: pansi timbewu ta otsi tokazinga, kenako kirimu wa uchi, tizipatso tofiira, kirimu winanso pamwamba. Twambilile atangovundukula, fungo la wisiki linamuwomba kumaso. Mtima unangoti phwii. Koma amalume anali atatambasula kale dzanja.

Anapemphera pemphero lalitali, nayamba kudya. Galasi loyamba linatha mwaulemu. Lachiwiri anachita kulikomba ndi chala. Posakhalitsa jekete linali pampando, iwo akuphunzitsa Ronald nyimbo ya m'buku yomwe ankati ndi ya makolo a mnyamatayo, ngakhale mwiniwakeyo anali asanaimvepo.

"Phala limeneli lili ndi ka-heating kake," anatero akusisita pachifuwa. "What did you put, my son?"

Twambilile anaponda phazi la Ronald pansi pa tebulo. Ronald anangosuntha phazi, n'kupepesanso.

"Whisky, Uncle. Gran never measured, so I don't either."

Twambilile anachita mantha enieni. Ankamukonda mzungu wosamva kupondedwayu, ndipo anaona zonse zikuthera m'kirimu.

A Gomezgani anayang'ana magalasi opanda kanthu aja nthawi yaitali. Anavala jekete, namanga mabatani molakwitsa.

"Mphwanga, amayi ako ndiwa-phonera ndekha. Mnyamatayu akwatire."

"Zikomo, ankolo," anatero Twambilile, atagwada kale pakapeti.

"Koma tamvera. Pa wedding padzakhala abusa, amayi a chigwirizano, komanso aunt ako. Chinthu chimenechi ndisadzachione pa high table. Ndi chonyansa pamaso pa Mulungu."

"Sitidzapanga, ankolo."

"Ndani wanena zosapanga?" Anatsitsa mawu, akuyang'ana kuchitseko. "Changa mudzandisiyire ku kitchen, kuseri kwa ma-cooler box."