Botolo m'Sutikesi ya Bizwick

Vainess anatulutsa botololo m'sutikesi ngati wagwira khoswe wakufa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Evelina anali atakhala pabedi akupinda malaya a mwamuna wake, Bizwick, amene anamuika m'manda masiku anayi apitawo konkuno ku South Bend. Vainess, mlongo wa malemuyo, anali asanabwerere ku Indianapolis. Anatsalira kuti agawe zovala monga mwambo unenera: izi za achimwene ku Ntcheu, izi za amalume, izi zipite kumpingo. Sutikesiyo anaipeza pansi pa bedi, yolongedza kale. Banjali limayenera kukakwera sitima yapamadzi ku Miami mu Malichi, kukondwerera zaka makumi atatu zaukwati, ndipo Bizwick, ndi changu chake chotopetsa chija, analongedza mu Januwale.

Evelina analiyang'ana botololo. Anali sheri, vinyo wotsekemera uja amamuthira burande kuti akhale waukali. Ankamudziwa bwino, kuposa mmene mkazi wa mkulu wa mpingo amayenera kumudziwira.

"Mkulu wa mpingo!" Vainess anakhala pansi pakapeti, botolo lili pamiyendo. "Munthu woti pa ukwati wa mwana wanga Shalom anasamuka tebulo chifukwa chakuti wina anatsegula mowa. Ife timati BP ija ndi chifukwa chogwira ntchito usana ndi usiku, osadziwa kuti achimwene amamwa mobisa."

Anapisanso dzanja m'thumba la sutikesi ndi kutulutsa envelopu ya matikiti. Munali kalata yochokera kukampani ya sitima, yosindikiza pakompyuta. Vainess anaiwerenga akuitembenuzira m'Chichewa, kuti ipweteke bwino. Kalatayo inati munthu aliyense akhoza kubweretsa botolo limodzi la vinyo wamba, ndipo operekera zakudya adzamutsegulira pa chakudya chamadzulo. Koma vinyo wothiridwa burande saloledwa. Adzamulanda pokwera ndi kumubweza ulendo ukatha. M'munsi mwake munali dzanja la Bizwick, lopendekeka lija: "Ndiwaimbirenso Lolemba."

Lolemba limenelo silinamupeze. Anagwa Loweruka akuchotsa chipale chofewa pakhomo, fosholo ili m'manja.

"Mwaona? Mpaka kulemberana makalata ndi azungu chifukwa cha mowa," anatero Vainess, misozi ikutsika. Ankamukonda mlongo wakeyo, ndipo n'chifukwa chake zinamuwawa. "Ndiyenera kuwauza achimwene a Lameck. Abusanso adziwe, asapitirize kumamutchula paguwa ngati chitsanzo." Atatero anatulutsa foni yake.

Evelina anadziwa kuti zimenezi si zoopseza chabe. Nkhani kwa Vainess sigonera. Ikanachoka m'nyumba muno masana, madzulo ikanakhala ikukambidwa m'masitolo a pa Lafayette Road ku Indianapolis, ndipo m'mawa ikanadzukira ku Ntcheu.

Evelina akanatha kukhala chete. Wakufa sayankha mlandu, ndipo maganizo amenewa anamufikiradi, anachita nawo manyazi. Evelina mwiniyo ndiye amene ankamwa. Anayamba chaka chimene amayi ake anamwalira kumudzi, iye osapita kukaika chifukwa mapepala okhalira m'dziko muno anali asanatuluke. Maliro onse anawamvera pafoni. Mnzake wogwira naye ntchito kuchipatala anamupatsa vinyoyu pang'ono kuti apeze tulo. Kuyambira pamenepo, kwa zaka khumi ndi ziwiri, Lachisanu lililonse akaweruka ankatsikira kuchipinda chapansi kochapira zovala, n'kumwa pang'ono makina akulira, kenako n'kutsuka m'kamwa kawiri. Ankadzitama mumtima kuti Bizwick sadziwa kanthu.

"Alamu, foniyo ikani pansi," anatero Evelina. "Achimwene anu sanalawepo. Vinyoyo ndi wanga."

Vainess anapukusa mutu.

"Musawaikire kumbuyo, alamu. Apita basi."

"Sindikuikira munthu kumbuyo. Tsikirani pansipo, kuseri kwa sopo wochapira mupeza botolo lina latheka. Abusawo muwauze za ine, a Lameck muwauzenso za ine. Mukafuna kundichotsa ku chigwirizano cha amayi ndichotseni. Koma dzina la Bizwick mulisiye mmene analisiyira."

"Inuyo? Inu amene mumatitsogolera mapemphero?"

"Ine ndemwe."

"Nanga ngati ndi wanu, akutani m'sutikesi mwawo? Munaikamo ndinu?"

Si Evelina amene anaikamo, ndipo funso lomwelo linali likumudya chitulukireni botololo. Anatsika pabedi, nagwada pafupi ndi sutikesi, n'kuyamba kutulutsa zotsalazo chimodzichimodzi. Kabudula wamaluwa amene Bizwick sakanayerekeza kuvala pamaso pa Mmalawi. Baibulo laling'ono. Mankhwala a BP oikidwa m'timabokosi ta tsiku lililonse. Pakona panali sokosi zakuda zopitira kutchalitchi, zokulungidwa mochindikala, ndipo atazigwira anamva chinthu cholimba mkati.

Anazifunyulula. Munali kagalasi kakang'ono komwera vinyo, kobenthuka pang'ono pamlomo, kamene Evelina ankabisa pamwamba pa paipi ya madzi otentha. Kanasowa sabata ya Khirisimasi, ndipo anakafunafuna mtima uli m'mwamba, osatha kufunsa munthu aliyense.

Ndiye kuti Bizwick ankadziwa. Kuyambira liti, Evelina sakanadziwanso. Anakumbukira mmene Lachisanu lililonse Bizwick ankakwezera wailesi, osatsikako pansi ngakhale atasowa malaya. Munthu amene ankadzudzula anthu paguwa mpaka kutuluka thukuta, kwa mkazi wake sanatsegulepo pakamwa. M'malo mwake anakalimbana ndi kampani ya sitima, kuti mkaziyo akhale patebulo loyala nsalu yoyera, pakati pa nyanja pomwe palibe womudziwa, amwe osayang'ana kuchitseko. Chisoni chimene chinamugwira apa chinaposa cha tsiku loika maliro, ndipo analira mokweza, chipumi chili pa sutikesi.

Vainess anaika foni pakapeti. Anatenga sokosi inayo, naikutumula, nafufuza m'matumba onse a sutikesi mpaka m'kati mwa nsapato, kufuna kuona ngati muli kagalasi kachiwiri ka Bizwick.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "kagalasi n'kamodzi kokha."

Evelina anagwedeza mutu movomereza. Anapukuta kagalasiko ndi nsonga ya chitenje chake, n'kukabwezera m'sokosi, nakulunga mosamala mmene Bizwick anakulungira.