Kachipewa ka Malemu Kaŵale

Yotamu Chikaonda, uja amadzitcha katswiri wokonza zolemba pakompyuta ku Limbe, analota masanasana, tsaya lili pa kiyibodi, dovu lili chuchuchu. Munthu waulesi ngati ameneyu sindinamuonepo.

Dzulo lake anali atakonza mawu okagoba pa chiliza cha malemu Kaŵale. Mwana wa malemuwo, Mayi Nachisale, anamupempha kawiri konse kuti w wa m'dzinalo avale kachipewa kake. Iye anangoti, "Mayi, zimenezo n'zachikale, kompyuta ilibe." Bodza lamkunkhuniza! Anangochita mphwayi kutsegula kabokosi ka pakompyutapo momwe zilembo zina zimabisala.

Kutuloko kabokosiko kanatseguka kokha, iye n'kugweramo. Munali khonde lalitali, zilembo zitandanda pamabenchi ngati odwala kuchipatala. Chilichonse chinali ndi abale ake, china chamchira, china chopendekeka. Palibe chimene chinamupatsa moni.

Kumapeto kwa khondelo kunali chitseko. Mlembi ankaitana akufa kuti alowe, akuwerenga mayina papepala lomwe analemba Yotamu.

"Kawale!"

Mkulu wina wa jekete lotuwa anangoima chilili.

"Kawale!"

"Ameneyo si ine," anatero mkuluyo. "Ine ndine Kaŵale. Ndaphunzitsa Chichewa zaka makumi atatu, sindingalowe ndi dzina la eni ake." Kenaka anacheukira Yotamu. "Bambo, kodi ndinu munandivula chipewa?"

Katswiri uja anagwada. Anayamba kukwawa pansi pa mabenchi, ukatswiri wonse utathera m'mawondo, mpaka anachipeza chilembo cha ŵ pakona, fumbi lili mbuu.

"Chonde, tiyeni," anachonderera.

"Ndakhala pano chigulireni kompyutayi," chinatero chilembocho. "Kunali kungodina kawiri basi. Kodi chala chanu chinali ndi chilonda?"

Anachisenza n'kuyamba kuthamanga. Chinkalemera ngati thumba la simenti, ndipo khondelo linkangotalikiratalikira. Patali anamva mlembi akuti, "Ndiitana kachitatu, komaliza." Chitseko chinayamba kutsekeka, mkulu uja akadali panja, manja kumbuyo.

Anadzidzimuka foni ikulira. Anali mmisiri wogoba miyala.

"Achimwene, ntchito ija ndamaliza m'mawa womwe uno. Koma mayi aja ali pano, akuti akulankhuleni."

Mmisiriyo anawapatsira foni.

"Bambo Chikaonda," anatero Mayi Nachisale mofatsa, "munthu mwamulemba pamwala wa bambo angayu ndi ndani?"